Tsiku la 16 Okutobala, ndi Phunziro Lace kwa Mwini Nkhokwe

Inu eni mabanja, mwezi wa Okutobala kuno dzuwa liwamba, ndipo musosa minda kulindira mvula. Koma ku Ulaya ndi kumpoto kwa America imeneyi ndi nyengo ya masika: tirigu alowa m'nkhokwe, masamba ayoyoka m'mitengo, ndipo cisanu ciyandikira. Titenge tsiku limodzi la mweziwu, la 16, timve mbiri yace.

Pa tsikuli m'caka ca 1793 anadula mutu wa Marie Antoinette, mkazi wa mfumu ya France, mumzinda wa Paris. Milandu inali yambiri, koma muzu wina unali kumunda. M'caka ca 1788 cilala ndi matalala zinaononga tirigu, ndipo mkate unakwera mtengo. Mu Okutobala 1789 akazi anjala anayenda pansi kunka ku Versailles, kunyumba ya mfumu, kukafuna cakudya. Natengera mfumu ndi banja lace ku Paris, osabwereranso kunyumba ija.

Tsiku lomwelo anabadwa amuna awiri amene anadziwa khasu asanachuke. Noah Webster anabadwa m'caka ca 1758 ku Connecticut, mwana wa mlimi. Iye anasonkhanitsa mau a Cingelezi zaka ngati 20, monga munthu alera mtengo wa zipatso, ndipo buku lace la mau 70,000 linaturuka m'caka ca 1828, ali nkhalamba. David Ben-Gurion anabadwa m'caka ca 1886 ku Płońsk m'dziko la Poland. Pofika ku Palestine m'caka ca 1906 anagwira nchito ya m'minda ya anthu ena. Mu 1948 anakhala nduna yaikuru yoyamba ya Israel, ndipo potula udindowo mu 1953 anakakhala pakati pa alimi m'cipululu ca Negev.

Cinthu cacikuru kwa inu ndi ici. Pa 16 Okutobala 1945, nkhondo yaikuru itangotha, nthumwi za maiko ambiri zinakomana ku Quebec m'dziko la Canada, nizikhazikitsa bungwe la cakudya ndi ulimi lochedwa FAO, pakuti zinaona kuti mtendere sukhala m'mudzi wa njala. Cifukwa cace kuyambira 1981 maiko akumbukira tsikuli ngati Tsiku la Cakudya.

Koma bungwe silidzalima munda wanu. Funsani akuru za njala ya 1949, pamene mvula inadula ndipo anthu ambiri anafa m'cigawo ca Blantyre. Tsono musanagulitse cimanga mwezi uno, suzumirani m'nkhokwe, muwerenge ana anu ndi miyezi yotsala kufikira dzinthu zatsopano. Patulani mbeu, muisunge pouma, ndipo mvula ikadza mubzale ndi cinangwa comwe, pakuti cipirira cilala.