Anchito a M'mapulazi a Fodya ku Mvurwi Asonkherana Okha

MVURWI.— M'makampani a m'tauni kaŵirikaŵiri anchito amakhala pansi nasankha bungwe la cifundo limene adzalisonkhera ndalama caka cimeneco. M'mapulazi a fodya ozungulira Mvurwi, mtunda wa makilomita ngati 100 kumpoto kwa Harare, anchito sanafunefune kutali anthu oti awathandize. Osauka anali m'komboni momwemo, khomo loyandikana nalo.

Dera limeneli linkachedwa Umvukwes kufikira caka ca 1982. Fodya wake atayamba kugulidwa kwambiri ku Britain itatha nkhondo ya 1939 mpaka 1945, eni mapulazi anasowa manja, pakuti Azezuru ndi Akorekore ambiri anali ndi minda yao ndipo sanakonde nchito ya tikiti. Cotero amene anadzaza makomboni anali a ku Nyasaland, a ku Tete ndi a ku Fort Jameson, kumene lero kuchedwa Chipata. Ena anadza pa malole a Ulere, ena analembedwa ndi Mthandizi, ndipo ena anangoyenda pansi. Oculuka sanabwererenso kwao, nasanduka machona.

Bvuto lalikuru la munthu wotere silinali njala, popeza phoso la ufa, nyemba ndi mcere ankalandira. Linali tsiku la imfa. Kwao kumudzi maliro ali ndi eni ake: mwini mbumba alipo, adzukulu alipo, amfumu apereka malo ku manda. Pa pulazi panalibe mmodzi yense wa amenewa, ndipo munthu amene anagwira nchito zaka makumi aŵiri akadatha kuikidwa ngati mlendo wodutsa. Cifukwa cake anchito akasonkhana tsiku Lasabata kupangana za thumba lao, nkhani ya maliro ndiyo inkapambana zinzake. Anyamata akadakonda malaya a mpira, ndipo makolo ena ankanena za sukulu, koma akuluakulu ankangokumbutsa kuti maliro nkulirana, mkangano nutha.

Kugwirizana za maliro sikunali kugwirizana za kaikidwe. Akristu ankafuna bokosi ndi nyimbo. Acawa a Cisilamu amaika munthu msanga, atamkulunga m'nsaru yoyera. A Gule Wamkulu nao ali ndi mwambo wao, umene sauuza wamba. Motero pa pulazi limodzi pankatha kukhala masosaiti aŵiri kapena atatu, ena a mpingo, ena a anthu ocokera boma limodzi, ngakhale kuti pokumba manda onse ankagwira khasu limodzi.

Kayendetsedwe kake kanali kosabvuta. Ankasankha wapampando, mlembi ndi msungi-cuma, ndipo msonkho unkaperekedwa tsiku la malipiro, ndalama zisanaloŵe m'sitolo ya pa pulazi kapena ku moŵa. Dzina la wopereka linkalembedwa m'buku anthu akuona. Nzeru yake inali pamenepo: munthu wolandira pang'ono sadandaula kupereka, koma afuna kudziŵa kumene kobiri lake lagona. Sosaiti imene buku lake silinkaŵerengedwa poyera sinkakhalitsa.

M'zaka za m'ma 1990 matenda a Edzi anasintha zinthu. Maliro anaculuka koposa mphamvu ya thumba, ndipo pambuyo pa maliro panatsala ana. Mwana wa mchona analibe agogo kumudzi oti amtenge, komanso nyumba ya m'komboni inali ya wogwira nchito, osati ya ana ake. M'zaka zomwezo linayamba bungwe la Farm Orphan Support Trust, limene colinga cake cinali cakuti ana amasiye a mimba imodzi asamwazike, koma aleredwe ndi mabanja ena a pa pulazi pomwepo. Eni mapulazi ena anathandizapo ndi nyumba ndi cakudya. Koma kuphika, kucapa ndi kugoneka mwana wa mnzako kunagwera amai a m'komboni, ndipo zimenezo sizinalembedwe m'buku lirilonse.

Thumba lotere limadalira tsiku la malipiro, ndipo tsikulo linatha. Kuyambira caka ca 2000 mapulazi ambiri a azungu analandidwa nagaŵidwa, koma anchito akale amene analandirako minda anali oŵerengeka. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri obadwira m'Zimbabwe momwemo akuchedwa alendo, kufikira malamulo atsopano a dziko a 2013 anawatsegulira njira. Ndalama zimene zinasungidwa zinafa nazo: mitengo ya zinthu inakwera koopsa mu 2008, ndipo poyamba pa 2009 boma linaturutsa pepala limodzi la madola 100 thiriliyoni. Thumba la zaka zambiri silikanagulanso ngakhale misomali ya bokosi.

Lero fodya wambiri wa ku Mvurwi alimidwa ndi alimi a minda yaing'ono, ndipo ana ndi adzukulu a machona ambiri agwira ganyu wa nyengo, wobzala, wothyola ndi wosankha masamba. Wopanda ndalama pa maliro adza ndi mbale ya ufa, mtolo wa nkhuni kapena khasu lake. Amene anasamukira ku Harare ndi ku Johannesburg atumiza cipepeso cao pa lamya ya m'manja, ndipo mlembi aŵerenga maina ao pamodzi ndi a amene afika.