Mtsuko wa Ladi Kwali pa Chionetsero

M'chaka cha 1958, ku Berkeley Galleries mu mzinda wa London kunaonetsedwa mbiya zochokera ku Nigeria. Pakati pa mbiyazo panali mitsuko ya Ladi Kwali, mayi wa fuko la Gwari, amene anaphunzira kuumba kwa azakhali ake ali mtsikana.

Mayiyu ankaumba monga aumbira amayi a kumudzi: kusanjika dongo ndi manja mozungulira, kusalaza, kenaka kuzokota abuluzi, zinkhanira, nsomba ndi ng'ona dongolo lisanaume. Mu 1954 analowa sukulu ya zoumbaumba imene Michael Cardew anatsegula ku Abuja, mudzi umene lero ukutchedwa Suleja. Kumeneko kaumbidwe ka mitsuko yake sikanasinthe, koma kawotchedwe. Mitsuko inayamba kupakidwa mankhwala onyezimira ngati galasi, ndi kuwotchedwa m'ng'anjo ya moto waukali koposa wa nkhuni za pabwalo.

Tsono apa ndi pamene mphunzitsi ayenera kuyang'anitsitsa. Mtsuko wamba umaziziritsa madzi chifukwa uli ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Madzi amatuluka pang'onopang'ono ngati thukuta, ndipo akamauma ndi mphepo amachotsa kutentha. Mankhwala aja amatseka timabowoto. Motero mtsuko umene unakometsa maso a ogula ku London unali wolemera kusenza, ndiponso wosatha kuziziritsa madzi. Unasanduka chinthu chongoyang'ana, ngakhale kukongola kwake palibe angakutsutse.

Ladi Kwali anamwalira mu 1984. Patapita zaka, chithunzi chake akuumba chinasindikizidwa kuseri kwa ndalama yapepala ya 20 naira.