Mkangano wa nyimbo m'basi ya ku Matero

Pa Ciwiri madzulo magalimoto anali atathithikana mu Lumumba Road monga mwa masiku onse. Tinali titapanikizana anayi-anayi pa mpando, ndipo a driver anali kuliza Yo Maps. Sipika inali pansi pa mpando wakumbuyo, moti ife okhala kumeneko tinali kumvera nyimboyo m'mafupa.

Mdala wina wa jekete lofiirira ndiye anayamba. "Ba driver, cosaniko ici congo. Izi ni nyimbo? Kompyuta ndiye iimba apa, osati munthu."

Mtsikana wina amene anali kucokera ku nchito sanadikire kuti a driver ayankhe. "Ba tate, ngati simuimvela ni imwe cabe. Uyu munthu anazaza Heroes Stadium mu 2023. Banu aja banazazako kuti?"

Basi yonse inadzuka. Mdala anachula Paul Ngozi, wina kutsogolo anakuwa kuti PK Chishala alibe mnzake, mnyamata wa kapusi anati onsewo ni mbiri yakale, mfumu ni Chef 187. Kondakita anaiwala kuti pali anthu atatu amene sanawapatse cenji.

Ine ndinaona cinthu cimodzi. Amai amene ananyamula thumba la kapenta pamiyendo sanalankhule kanthu, anali kuwodzera. Iwo alibe nazo nchito nyimbo, ndiye analibe cowapweteka. Amene anali kutukumula mitsempha ya m'khosi onse ni anthu okonda nyimbo za pa Zambia pano. Munthu wosadziwa kalindula sangakulase mtima. Amene amakulasa ni mnzako amene amaidziwa bwino, ndiye akukuuza kuti gulu lako linali kungobwereza gitala imodzimodzi nyimbo zonse.

Mdala uja anafika pa mau amene ndinali kuyembekezera: "Aba bana bamangokopela va ku Nigeria na va ku America." Apa ndinaseka ndekha, cifukwa mau amenewa ni akale kuposa basi imene tinakwera. Amalume anga, amene anavina Zamrock ali mnyamata, amakamba kuti makolo ao anali kunena cimodzimodzi: tsitsi lalikulu, mabuluku otambalala kunsi, magitala olira ngati galu wopondedwa, zonse ati nzokopera azungu. Ndipo sanali kunamiratu. Emmanuel Chanda wa gulu la WITCH la ku Kitwe anapatsidwa dzina lakuti Jagari cifukwa ca Mick Jagger wa Rolling Stones. M'zaka za m'ma 1970 a Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zolira pa wailesi zikhale za muno, ndipo anyamata "okopera" aja ndiwo anadzaza mpata umenewo.

Kalindula itakula m'ma 1980, ena a m'tauni anaiseka kuti ni ya kumudzi. Lero yesani kunyoza Amayenge pa ukwati muone. Pamene Mondo Music inatulutsa a Black Muntu, Shatel ndi JK, a kalindula ndiwo anakhala oweruza. Pambuyo pake nkhondo inalowa m'nyumba imodzi: a Slapdee ndi XYZ uku, a Macky 2 ndi Kopala Swag uko, anthu a msinkhu umodzi, okonda hip-hop imodzimodzi, koma kukangana ngati ni Zesco United na Nkana. Pamenepo nkhani inali itacoka kale pa nyimbo. Munthu anali kuteteza Lusaka wake kapena Kopala wake, Cinyanja cake kapena Cibemba cake.

Ndikuganiza kuti ndico cifukwa cake mkangano wotere umawawa. Mdala akamati Paul Ngozi, akukamba za nthawi imene anali ndi mawondo olimba ndi malipiro oyamba m'thumba. Mtsikana uja akamateteza Yo Maps, akuteteza nyimbo imene imamuperekeza m'makutu kucoka ku nchito ataimirira tsiku lonse. Ukanena kuti nyimboyo ni zinyalala, iye amamva kuti wanena za iye.

Tili pafupi kukhota, mnyamata wa kapusi anatulutsa foni. "Ba mudala, mvelani iyi." Analiza "Noid" ya Tyler, the Creator, woimba wa ku America, imene inatuluka mu 2024. Mkati mwake muli cigawo cotengedwa mu "Nizakupanga Ngozi", nyimbo ya Ngozi Family ya pa cimbale ca 45,000 Volts. Mdala anatsamira kutsogolo, nkhope inasintha. Atamva Cinyanja ca Paul Ngozi cikutuluka m'foni ya mwana amene anali kumunyoza, anamenya mpando. "Mwamvela? Mwamvela? Manje ndani akopela munzake?"

Anthu anaomba m'manja. Ine manyazi anandigwira. Amalume aja anali ndi katoni ya zimbale za Zamrock pansi pa bedi, ndipo ife ana tinali kuziponya m'mwamba pabwalo kuona ca ndani cipite patali. Palibe wamkulu anatikalipira kwambiri, cifukwa nthawi imeneyo aliyense anali kuona kuti ni zinthu zakutha. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, ndipo ambiri amene amadutsa mu msewu wa dzina lake ku Kabwata sadziwa nyimbo yake ngakhale imodzi. Jagari anasiya siteji napita kukakumba miyala ya mtengo wapatali kuti adyetse banja. Kampani ya ku America, Now-Again Records, ndiyo inasindikizanso zimbale zakale zija, filimu yonena za WITCH inatuluka mu 2019, ndipo mu 2023 gululo linatulutsa cimbale catsopano, Zango. Sampa the Great anacitako mbali yake mu 2022 ndi "Never Forget", momwe mulinso Chef 187 yemwe uja wa mnyamata wa kapusi. Koma kunena zoona, ambiri a ife tinayamba kunyadira Zamrock titaona kuti akunja aigwadira.

Ndipo mdala uja, ndi ukali wake wonse, ndikukayika ngati anagulako tikiti ya woimba aliyense m'zaka 20 zapitazi. Mtsikana uja mwina anagulako. Nyimbo zimene a driver anali kuliza zinali pa fulashi, zodzazidwa pa kantemba ka mu msika, ndipo woimba sanaonepo ngwee. Ine ndemwe ndili nayo fulashi yotero, sindikuloza munthu cala.

Titafika pa siteshoni yake, mdala anaima pakhomo mwendo umodzi uli kunja. "Mwana wanga, iyo nyimbo unganitumileko pa WhatsApp?"

"Ya Tyler olo ya ba Ngozi?"

"Zonse zibili."

Mtsikana uja anati, "Muikileko na ya Yo Maps, bakamvele bwino ku nyumba." Mdala anamuyang'ana, sanakane.

Kondakita anamenya citseko. "Ba mudala, nyimbo ni mahala, koma basi si mahala. Simunalipile."