Banja la Carter: Nyimbo Zinamveka Kutali, Pakhomo Panazizira

Pa 1 Ogasiti 1927, anthu atatu ochokera kumapiri a ku Virginia analowa m'chipinda china mumzinda wa Bristol, ku America, kukajambulitsa nyimbo kwa Ralph Peer wa kampani ya Victor. Anali bambo A.P. Carter, mkazi wawo Sara, ndi Maybelle, msuweni wa Sara yemwe anakwatiwa ndi mng'ono wa A.P. Maybelle anali ndi zaka 18 komanso woyembekezera, pomwe Sara anali ndi khanda loyamwa. M'masiku awiri anajambula nyimbo 6, ndipo iliyonse anawalipira madola 50.

Zinali nyimbo zomwe ankaimba kale pakhonde ndi kutchalitchi: za chikondi, za maliro, za kumwamba. Sara ankatsogolera ndi mawu ake okuya, akuimba autoharp, chida cha nsambo zambiri chonga bangwe. Maybelle ndiye anasintha kaimbidwe ka gitala. Chala chachikulu chinkaimba nyimbo yeniyeniyo pa nsambo zonenepa, zala zina zikusesa nsambo zowonda, moti womvera ankaganiza kuti magitala ndi awiri. Oimba ambiri akutsatirabe njira imeneyi.

Kampani inkafuna nyimbo zina, choncho A.P. anayamba kuyenda m'midzi kukatola nyimbo zakale kwa anthu. Ankayenda ndi Lesley Riddle, mnyamata wachikuda woimba blues, yemwe anaduka mwendo pangozi. A.P. ankalemba mawu, Riddle n'kusunga kamvekedwe kake m'mutu, ndipo pobwerera ankaphunzitsa Sara ndi Maybelle. Koma pa zimbale pankalembedwa dzina la A.P. Kunena zoona, Riddle sanamuchitire chilungamo.

Winanso amene maulendowa anamupweteka ndi Sara. Mwamuna amatha masabata ali kutali, iye atatsala ndi ana atatu, munda ndi nkhuni zowaza yekha. Mtima unafika potopa. Anachoka pakhomo, ndipo ukwati unatha mu 1936. Chodabwitsa n'chakuti anapitiriza kuimba limodzi kwa zaka zingapo, ngakhale nyimbo zotamanda banja, omvera pawailesi osadziwa kanthu.

Mu 1974, mwana wawo Janette anayambitsa zoimbaimba za mlungu ndi mlungu pasitolo yakale ya bambo ake, pokwaniritsa lonjezo limene anawapatsa asanamwalire. Malowa amatchedwa Carter Family Fold, ndipo mowa saloleza.