Cimbale coyamba ca gulu la WITCH cinakadindidwa ku Nairobi

Mlimi aliyense adziwa kuti kukolola cimanga ndi nkhani ina, kucifikitsa pamsika ndi nkhani inanso. Nkhokwe ingadzale, koma ngati mseu ndi woipa ndipo cigayo cili kutali, thukuta lako limathera panjira. Lero tafuna tikambeko za anyamata ena a ku Kitwe amene anakumana ndi bvuto lotere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ngakhale kuti iwo sanali kulima. Anali oimba, ndipo zokolola zao zinali cimbale cochedwa Introduction, cimene ambiri amaciwerengera pakati pa zimbale zoyamba zimene gulu la oimba a m'Zambia linapanga kuti zigulitsidwe.

Dzina la gululi ndi WITCH. Tidziwa kuti ena mwa inu mwakwinya kale nkhope, pakuti m'Cingelezi liu limeneli litanthauza mfiti, ndipo kwathu kuno umfiti si nkhani yoseweretsa. Koma a Emmanuel Chanda, amene anali mtsogoleri wa nyimbo m'gululi, amafotokoza kuti dzinali linacokera pa kacipangizo koponda ndi phazi kosinthira kaliridwe ka gitala, kochedwa footswitch. Analidula n'kukhala Switch, analidulanso n'kukhala Witch. Pambuyo pake ndi pamene zilembo zake zinapatsidwa tanthauzo lakuti We Intend To Cause Havoc, ndiko kunena kuti tifuna kuutsa cipwirikiti. Kunena zoona, tanthauzo limeneli silikanakhazika mtima wa kholo lililonse, makamaka poona anyamata obvala mathalauzi otambalala kunsi ndi nsapato zazitali zidendene.

Masiku amenewo kumigodi kunali ndalama. Dziko linali litangolandira ufulu mu 1964, mkuwa unali kugulidwa bwino kunja, ndipo mu 1969 a Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 a makampani a migodi. Ogwira nchito m'migodi akalandira malipiro anali kugula mawailesi ndi magalamafoni, ndipo Loweruka anali kudzaza maholo ndi makalabu. Ana ao anakula akumva The Beatles, The Rolling Stones, Jimi Hendrix ndi James Brown. A Chanda nawo anakulira mu Kitwe momwemo, ndipo cifukwa ca kulumphalumpha kwao pa siteji anzao anawafanizira ndi Mick Jagger wa The Rolling Stones. Dzinalo analipinda kuti likhale lakwathu, ndipo mpaka lero amadziwika kuti Jagari. Anzao m'gululi anali Chris Mbewe ndi John Muma pa magitala, Gedeon Mulenga pa gitala ya besi, Boidi Sinkala pa ng'oma, ndi Paul Mumba pa ogani.

Sikuti nyimbo za m'Zambia zinali zisanajambulidwepo. Acikulire akumbukira a Alick Nkhata, amene mau ao anali kumveka pa wailesi kuyambira nthawi ya azungu. Koma kujambulira wailesi n'kosiyana ndi kukhala ndi cimbale cako cimene munthu angagule, kupita naco kunyumba ndi kuciliza pamene afunira. Tepi ya pa wailesi imakhala m'kabati ya eni wailesi. Anyamatawa anafuna cinthu coti acigwire ndi manja ao ndi kuikapo mtengo.

Apa ndi pamene panali mabvuto. Malo abwino ojambuliramo nyimbo anali osowa. Gululi linapita ku Chingola, ku situdiyo ya Malachite, imene nchito yake yeniyeni inali ya mafilimu. M'cipinda cotere mulibe zambiri zokonzera nyimbo pambuyo pake monga acitira ana a masiku ano pa kompyuta. Onse aimba pamodzi, ndipo wina akaphonya, mwina mubwerere poyamba kapena muzisiye tero. Ife amene tinaimbapo m'kwaya ya pa parishi tikudziwa mmene mtima umagundira pamene acoza maikolofoni kutsogolo kwako ndipo wauzidwa kuti mpata ndi umodzi cabe.

Atatha kujambula anali ndi tepi m'manja, koma tepi si cimbale. Inafunika kupita ku makina odinda, ndipo makinawo anakawapeza ku Nairobi m'dziko la Kenya. A Chanda amakamba kuti ulendo woyamba kunadindidwa zimbale 300 cabe. Taganizani, dziko lathunthu, zimbale 300. Zinabwera monga katundu wa paulendo, ndipo ogulitsa anali eni ake omwe. Kulikonse kumene anapita kukaimba, zimbale zinali pambali, monga mai amene walima tomato, wasenza yekha, wakhalanso yekha pamseu kudikira ogula.

Nanga m'cimbalemo muli ciani? Muli nyimbo zisanu ndi zinai, zonse m'Cingelezi. Yoyamba, imene inapatsa cimbaleci dzina, ndi ya malonje: woimba achula anzake mmodzimmodzi ndi coimbira cimene aliyense agwira. Timaikonda cifukwa ca ici, pakuti ndi mwambo wathu kuti mlendo asanayambe nkhani ayambe wanena kuti ndani ndipo wabwera ndi yani. Zina ndi monga Home Town, You Better Know, Feeling High ndi Like a Chicken. Gitala ilira mokhadzula ngati nsalu ikung'ambika, ogani ikulira pansi pake, ndipo ng'oma sizipumula.

Tisanamizane, cimbaleci si cosalala. Mau ena amira m'phokoso, ndipo kutengera oimba a ku Britain ndi ku America kuonekeratu. Amene afuna nyimbo za WITCH zokhwima bwino amathamangira ku Lazy Bones!! ca mu 1975, ndipo sitingawatsutse. Ngakhale kusowa kwa cinenero cathu m'nyimbo zisanu ndi zinai zonsezi kumatiwawako, makamaka tikakumbukira kuti a Paul Ngozi ndi gulu lao la Ngozi Family anadzaonetsa pambuyo pake kuti Cinyanja cikhoza kuyenda bwinobwino ndi gitala yaukali. Koma mwana woyamba kuyenda sitimuseka cifukwa ca kudzandira. Cimene cinali cacikuru ndi cakuti nyimbozo anazipeka okha, pa nthawi imene magulu ambiri anali kukhutira ndi kubwereza za ena m'mahotela.

Acinyamata anacilandira ndi manja awiri. Zimbale zoyambazo sizinakhalitse, ndipo amalonda anaona kuti apa pali msika. A Edward Khuzwayo a kampani ya Zambia Music Parlour ku Ndola, amene anathandiza magulu ambiri a nthawi imeneyo, anatulutsanso Introduction pansi pa dzina la kampani yao. N'cifukwa cake lero pali mitundu iwiri ya cimbale cimodzimodzi, wa gulu lokha ndi wa kampani, ndipo osonkhanitsa zimbale zakale amakangana kuti wokoma ndi uti. Mu 1974 kunatuluka cimbale caciwiri, In the Past. Gululi linayamba kuzungulira m'matauni, ndipo madansi ao anali kucezera usiku.

Pali cinthu cimodzi cimene anthu amasokoneza. Kawirikawiri timamva kuti nyimbo zimenezi, zimene tsopano zichedwa Zamrock, zinabadwa cifukwa ca lamulo la a Kaunda lakuti nyimbo 95 pa 100 zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'Zambia. Lamulolo linathandizadi kwambiri, koma linabwera capakati pa zaka za m'ma 1970, pamene Introduction cinali kale m'nyumba za anthu. Boma linathirira mbeu imene anyamata anali atabzala kale ndi ndalama zao.

Zokoma sizinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975, ndipo munthu amene akusowa ya unga sagula cimbale. Nkhondo ya ku Rhodesia inabweretsa malamulo oletsa kuyenda usiku ndi kuzimitsa magetsi, ndipo mu 1978 a Nkhata amene tawachula aja anaphedwa pamene asilikali a Rhodesia anaukira dera la Mkushi. Gulu lodalira madansi a usiku lingadye ciani ngati anthu atsekeredwa m'nyumba? A Chanda anacoka m'gululi n'kukaphunzira ku Evelyn Hone College mu Lusaka, nakhala mphunzitsi. Otsala anatembenukira ku disiko. Kenaka kunabwera kalindula, makaseti okopera, ndi matenda a Edzi amene anatha oimba ambiri m'dziko muno. Mwa onse amene mau ndi zala zao zimveka pa Introduction, a Chanda ndiwo anatsala okha. Anatembenuka mtima n'kukhala Mkhristu wolimbika, ndipo kwa zaka zambiri anali kufuna moyo pokumba miyala ya mtengo wapatali m'thengo.

Ife kuno tinaiwala. Zimbale zinasweka, zina ana anaseweretsa, zina zinatayidwa posamuka. Amene anadzazifunafuna anali alendo. Mu 2012 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inasonkhanitsa zimbale za WITCH za m'zaka za m'ma 1970 ndi kuzitulutsanso pamodzi, Introduction ali patsogolo. Mnyamata wina wa ku Italy, Gio Arlotta, anabwera kudzafuna a Chanda, ndipo filimu yake yonena za gululi inatuluka mu 2019. Mu 2017 a Chanda anazungulira maiko a ku Ulaya pamodzi ndi a Patrick Mwondela, amene analowa m'gululi pa nthawi ya disiko, ndiponso oimba acicepere a kumeneko. Mu 2023 anatulutsa cimbale catsopano, Zango, ndipo mu 2025 cinanso, Sogolo.

Timakondwera nazo, koma pali cotilasa mumtima. Nyimbo zimene poyamba zinapita ku Kenya kukadindidwa cifukwa kuno kunalibe makina, ulendo waciwiri zinakadindidwa kutsidya la nyanja cifukwa kuno kunalibe wozifuna. Mdzukulu wa ku Chipata kapena ku Katete amene wamva Like a Chicken lero, kawirikawiri waimva pa foni, kudzera m'kampani ya ku America, ndipo agogo ake amene anabvina nyimboyo ali mnyamata ku Kitwe ndiwo afunsa kuti waipeza kuti.