Arthur Ashe: Katswiri wa Tenisi Amene Anapambana ndi Nzeru

Pa 5 Julayi 1975, pabwalo la udzu la Wimbledon mumzinda wa London, amuna aŵiri a ku America anakumana pa ndime yotsiriza ya mpikisano wa tenisi. Mmodzi anali Jimmy Connors, mnyamata wa zaka 22, amene anatenga chikho pabwalo lomweli mu 1974. Wina anali Arthur Ashe, wa zaka 31, amene ambiri ankati nthaŵi yake yatha. Komatu dzuŵa lisanaloŵe chikho chinali m'manja mwa Ashe. Omvera ofuna kumvetsa mmene izi zinachitikira ayenera kuyamba adziŵa kumene munthuyu anachokera.

Ashe anabadwa mu 1943 ku Richmond, m'dera la Virginia, kumene malamulo a tsankho sankalola mwana wakuda kupikisana ndi mwana wa mzungu. Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka 6. Atafika zaka 10 anayamba kuphunzitsidwa ndi a Robert Walter Johnson, dokotala wa ku Lynchburg, amene anali ndi bwalo la tenisi pakhomo pawo. Malangizo awo anali okhwima: osapsa mtima, osakangana ndi woŵeruza, ndipo mpira ukagwa pokayikitsa, kuŵerengera mnzako. Iwo ankadziŵa kuti mwana wakuda akangolusa kamodzi, eni mipikisano apezerapo chifukwa chotsekera anzake onse kunja. Kudekha kumene Ashe anatchuka nako kunachokera pamenepa.

Pa tenisi oseŵera amaima mbali ziŵiri za ukonde, namamenyerana kampira ndi chomenyera chotchedwa raketi. Ashe anali wamtali ndi woonda, koma mkono wake unali waukali. Ankayambitsa mpira mwamphamvu kwambiri, kenaka nkuthamangira pafupi ndi ukonde kuti akaumalize usanagwe pansi. Sankaopa kutaya mpira pofuna kupambana msanga, choncho tsiku lina ankagonjetsa aliyense, tsiku lina nkudzigonjetsa yekha.

Kaseŵeredwe kameneka kanamupatsa malo m'timu ya dziko lake ya Davis Cup mu 1963, ndipo anali munthu wakuda woyamba kusankhidwa. Mu 1968 anapambana US Open pogonjetsa Tom Okker wa ku Netherlands, koma mphotho ya madola 14,000 inapita kwa Okker chifukwa Ashe, amene anali msilikali, anali asanayambe kuseŵerera ndalama. Mu 1970 anatenganso chikho cha Australian Open. Chaka chomwecho boma la tsankho la South Africa linamukaniza chilolezo choloŵera m'dzikomo. Analoledwa mu 1973, ndipo anafika pa ndime yotsiriza ku Johannesburg, kumene anagonja kwa Connors.

Pofika 1975, Ashe anali atakumana ndi Connors katatu ndipo katatu konseko anagonja. Chifukwa chake chinali chodziŵika. Connors, wamanzere, ankakondwa ndi mpira wobwera mwaliŵiro, pakuti ankaubweza mwaukali woposa. Kulimbana naye ndi mphamvu kunali kumupatsa chida. Motero Ashe anakhala pansi ndi anzake, nagwirizana kuti pa tsiku lalikululo asiye kaseŵeredwe kamene kanamulera.

Anachitadi zimenezo. Ankatumiza mipira yofooka ndi yotsika chakumanzere kwa Connors, kotero kuti mnyamatayo ankaŵerama nkumakankhira mpira mu ukonde. Poyambitsa mpira ankaupotolera kunja kwa bwalo, ndipo Connors akasendera kutsogolo, Ashe ankauponya m'mwamba kudutsa pamutu pake. Pa nthaŵi yopuma ankakhala chete, maso ali chitsekere. Amuna amafunika kupambana zigawo zitatu mwa zisanu. Ashe anatenga ziŵiri zoyamba 6-1, 6-1, nagonja chachitatu 5-7. Apa wina akanabwerera ku nkhanza zake zakale, koma iye anakumbuka kuti kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo anatsiriza chachinayi 6-4. Mpaka lero palibe mwamuna wina wakuda amene wapambana Wimbledon payekha.

Ashe anadwala mtima mu 1979, nasiya kuseŵera mu 1980. Pa opaleshoni yachiŵiri ya mtima mu 1983 anapatsidwa magazi amene madokotala akhulupirira kuti ndiwo anali ndi kachilombo ka HIV. Anaulula poyera za matendaŵa mu 1992, namwalira pa 6 Febuluwale 1993 ali ndi zaka 49. Bwalo lalikulu la US Open ku New York limatchedwa ndi dzina lake kuyambira 1997. Mu Africa anasiyanso mbewu: mu 1971 ku Yaoundé, m'dziko la Cameroon, anaona luso la kamnyamata ka zaka 11, Yannick Noah, nathandiza kuti kakaphunzire ku France. Mu 1983 Noah anapambana French Open, chikho chimene Ashe sanachipeze payekha.