Ana Athu ndi Zombo za Mumlengalenga

Masiku ano si chachilendo kuona anyamata ndi atsikana atazinga foni imodzi pa Chitakale kapena pakhonde la sitolo pafupi ndi Mishoni. Makolofe timafulumira kuganiza kuti akuonera mpira kapena zinthu zosayenera, ndipo kaŵirikaŵiri zimakhaladi choncho. Koma alipo ena, ngakhale ndi oŵerengeka, amene mtima wawo uli pa zombo zopita mumlengalenga. Iwoŵa amadziŵa tsiku limene roketi idzanyamuke, ndipo amachezera kudikira kuti aone ngati chombo chibwerere bwino padziko. Nkhani ino ndalembera makolo a ana otere pamodzi ndi ana eniakewo, kuti tione chimene chimawakopa ndiponso chimene tingachite nacho chidwi chawocho.

Ulendo woyesera

Kale maulendo a mumlengalenga anali ntchito ya maboma akuluakulu okha, makamaka la America ndi la Soviet Union. Zinthu zinasintha pa 8 Disembala 2010 pamene kampani ya SpaceX, imene anaiyambitsa ndi Elon Musk, mbadwa ya ku Pretoria, inaulutsa roketi yake yotchedwa Falcon 9 ku Cape Canaveral. Kunsonga kwa roketiyo kunali kachombo kooneka ngati belu la tchalitchi, dzina lake Dragon. Munalibe munthu. Kanazungulira dziko lapansi kaŵiri, ndipo patapita maola atatu kanatera bwinobwino m'nyanja ya Pacific, kuzambwe kwa Mexico. Aka kanali koyamba kuti kampani wamba ibweze chombo chimene chazungulira dziko.

Panapita zaka pafupifupi khumi kuti alole munthu kukweramo. Loŵeruka pa 30 Meyi 2020, nthaŵi itangopitirira 9 koloko usiku kuno kwathu, Robert Behnken ndi Douglas Hurley ananyamuka ku Florida pa ulendo woyesera wokhala ndi anthu. Sukulu zathu zinali zotseka chifukwa cha mliri wa Covid-19, choncho ana amene anali ndi mwayi wa intaneti anaonera zonse zikuchitika. Patapita maola 19 aŵiriwo anafika ku International Space Station, nyumba yaikulu ya ofufuza imene imazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi. Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Tsono kuti tikafike kumeneko tingafunike kusanjikiza mapiri oposa 130 onga limeneli.

Kubwerera ndiye mayeso enieni

Anthu ambiri amachita chidwi ndi moto ndi utsi wa ponyamuka, koma odziŵa amati ntchito yagona pobwerera. Chombo chozungulira dziko chimathamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola limodzi. Pa liŵiro lotere, ulendo wochokera ku Blantyre kufika kuno ku Mulanje ungathe masekondi khumi asanakwane. Liŵiro lonseli liyenera kutha anthu ali m'katimo asanafike pansi.

Poyamba amayatsa tiinjini tochepetsa liŵiro, ndipo chombo chimaloŵa mu mpweya wokuta dziko chitatsogoza kunsi kwake, kumene kuli chishango chopirira moto. Mpweya wopanikizika kutsogolo kwake umatenthetsa kunja kwa chombocho kufika madigiri pafupifupi 1,900, pamene madzi amaŵira pa madigiri 100 okha. Kwa mphindi zingapo moto wozinga chombowo umatseka mauthenga a wailesi, kotero kuti amene ali pansi sangamve liwu la anzawo. Iyi ndiyo nthaŵi imene otsatira nkhanizi amakhala chete, mitima ili m'mwamba. Kenaka pamatambasuka maambulera ansalu otchedwa parachuti, aŵiri aang'ono poyamba, anayi aakulu pambuyo, mpaka chombo chifika pamadzi pa liŵiro longa la njinga yakapalasa. Umu ndi mmene Behnken ndi Hurley anaterera m'nyanja pafupi ndi Pensacola Lamulungu pa 2 Ogasiti 2020, atatha miyezi iŵiri kumwambako.

Ana athu adziŵe kuti chipambano chimenechi sichinabwere ngati mphatso. Roketi yoyamba ya kampaniyi, Falcon 1, inalephera katatu, mu 2006, mu 2007 ndi mu Ogasiti 2008, ndipo inatheka ulendo wachinayi mu Seputembala 2008. Mu Epulo 2019 kachombo kamene kanali katabwera bwino kuchokera kumwamba kanaphulika akukayesa pansi. Amisiri anafufuza mpaka anapeza pamene panavuta, nakonza. Mu Januwale 2020 anaononga dala roketi yathunthu pofuna kutsimikiza kuti kachombo kangathaŵe ndi anthu ake ngozi itagwa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Mphunzitsi wa ku Zambia

Chidwi chotere si chachilendo m'chigawo chathu chino. Mu 1964, chaka chimene Malaŵi ndi Zambia analandira ufulu, mphunzitsi wa sayansi dzina lake Edward Makuka Nkoloso analengeza kuti Zambia idzatsogola America ndi Soviet Union pa ulendo wa kumwezi. Anasonkhanitsa achinyamata pa famu ina kunja kwa Lusaka. Ankawaloŵetsa mu mgolo ndi kuwagubuduza pachitunda kuti azoloŵere kugwedezeka kwa chombo, ndipo ankawakankha pa katungwe kuti alaŵe kupepuka kwa thupi. Anapempha bungwe la UNESCO mapaundi 7 miliyoni, koma sanalandire. Anyuzipepala akunja anamuseka, achinyamata aja anabalalika, ndipo iye anamwalira mu 1989.

Ife tisamuseke. Munthuyu anakana kuvomera kuti thambo ndi la azungu okha, pa nthaŵi imene ambiri ankaganiza choncho. Chimene chinasoŵa ndi masamu ozama, zipangizo, ndi sukulu zosulira amisiri. Chidwi chopanda maphunziro chili ngati mbewu yofesedwa pathanthwe. Mwana wa lero ali ndi mwayi umene Nkoloso analibe, pakuti m'boma loyandikana nafe la Thyolo muli Malawi University of Science and Technology, imene inatsegulidwa mu 2014, ndipo imaphunzitsa za uinjiniya ndi za nyengo.

Kodi si nsanja ya Babele?

Akristu ena amafunsa moona mtima ngati maulendoŵa si kudzikuza konga kwa omanga nsanja ya pa Genesis 11. Funsoli ndi loyenera, pakuti kunyada kulipo ndithu pakati pa eni chuma, ndipo ndalama zoloŵa m'ntchitozi ndi zochuluka pamene anthu ambiri akugona ndi njala. Komabe tchimo la ku Babele linali mumtima wofuna kudzipangira dzina, osati mu njerwa. Buzz Aldrin, munthu wachiŵiri kuponda pamwezi, anali mkulu wa mpingo wa Presbyterian ku Webster, m'chigawo cha Texas. Pa 20 Julayi 1969, asanatuluke m'chombo, analandira mkate ndi vinyo zimene mpingo wake unampatsa. Wolemba Salmo 8 nayenso anayang'ana mwezi ndi nyenyezi, ndipo anatsika mtima poona kuchepa kwa munthu.

Ndiponso phindu la zombozi lafika kale pakhomo pathu. Namondwe Freddy asanagwetse miyala ndi matope m'midzi ya m'mphepete mwa phiri lathu mu Malichi 2023, makina a setilaiti anali atamutsatira kwa milungu ingapo kuchokera kufupi ndi Australia, ndipo machenjezo a nthambi yoona za nyengo anadalira zithunzi zimenezo. Tinataya abale athu ambiri, ndipo chilondacho sichinapole. Dziko lino likufunika ana ake amene angaŵerenge zithunzi zotere ndi kufikitsa chenjezo kumudzi m'chinenero chimene agogo angamve.

Kwa makolo ndi achinyamata

Makolo anzanga, mwana akamafunsa za nyenyezi tisamuyankhe kuti zimenezo sizidyetsa. M'mera mpoyamba. Tikhale naye pansi, atifotokozere zimene waona, ndipo tifunse mmene akuchitira pa masamu ndi sayansi kusukulu. Mtsikana apatsidwe nthaŵi yoŵerenga yofanana ndi ya mlongo wake. Inu achinyamata, kumbukirani kuti amisiri amene mumawasirira anayambira pa kuchulukitsa ndi kugaŵa. Ola limene mwathera pafoni libwezedwe ndi ola la pabuku.

Pali chinthu china chimene banja lonse lingachite popanda ndalama. International Space Station imaoneka ndi maso masiku ena, dzuŵa litangoloŵa kapena m'mbandakucha. Imaŵala ngati nyenyezi yaikulu yosaphethira, ikuyenda mwakachetechete kudutsa thambo m'mphindi zochepa. Mwana wodziŵa intaneti angapeze tsiku ndi nthaŵi yake. Tulukani nonse pabwalo, muione ikudutsa pamwamba pa phiri, ndipo pa mapemphero a madzulo amenewo muŵerenge Salmo 8, muyamike Namalenga amene anapatsa munthu nzeru zotere.